Khutu la Kumanzere la Bongololo

Anthu akamva kuti ndinakhalako ku Joni amangoganiza za nyumba zosanjikizana, matakisi ndi atsotsi. Joni yanga ine inali ya nkhosa, mapiri ndi kuzizira kolowa mpaka m'mafupa. Ndipo tsiku limene ndinachita mantha oposa onse kumeneko, panalibe tsotsi kapena wapolisi pafupi. Chimene ndinkaopa chinali ntchito ya manja anga omwe.

Kuwotcherera ndinaphunzirira pa boda ya Mchinji, m'kashedi ka malata kuseri kwa malo oimikako mathiraki. Madalaivala akamadikira mapepala awo kwa a kasitomu ankatibweretsera mathanki odontha, masitepe othyoka, zitseko zolendewera, aliyense ali pachangu. Kagwiridwe kathu kanali kodziwika: tseka mng'alu pamwamba, salaza ndi gulayinda, thira penti ya siliva, munthu azipita. Thiraki ikangowolokera ku Mwami, nkhani yatha. Kaya ikathyokera ku Katete, kaya ku Petauke, akaona okha konko. Mwini shediyo ankatikalipira tikachedwa, amvekere, "Mukutayiranji tsiku lonse pa munthu woti simudzamuonanso?" Ine ndinkati zimenezo ndiye nzeru. Sindikunena izi kuti mundikhululukire ayi, ndikungofuna mudziwe kumene dzanja langa linakulira.

Kwathu ndi kufupi ndi Ludzi, kumudzi kwa akazi anga, mayi a Tereza. Ndinachoka kupita ku Joni chaka chimene fodya anatigwetsa pansi, ndinawasiya ali ndi ana awiri, wachiwiriyo akuyamwa. Za pabasi sindikumbukira zambiri, kungoti mapazi anatupa mpaka nsapato ndinatsika nazo m'manja. M'tauni ndinapeza ganyu m'galaja ina, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuwotcherera aluminiyamu ndi makina a gasi. Koma masiku a pasipoti atatha ndinasanduka munthu woyenda akucheuka. Galimoto ya polisi ikangodutsa, ndinkakhotera kanjira kena. Choncho mnzanga wina atandiuza za famu ya nkhosa kumapiri, kufupi ndi malire a Lesotho, kumene apolisi safikafika, sindinafunsenso kuti kumazizira bwanji.

Mwini famuyo anali mzungu wachikulire wodwala chiuno, woyendera ndodo. Sanali wankhanza, koma sankanena chinthu kawiri. Mwezi wanga woyamba, makaniko wina wa ku Zimbabwe anawauza kuti pampu ya madzi singathekenso kukonzeka. M'mawa mwake tinangoona munthu ali kumbuyo kwa pikapu ndi chikwama chake, akukamutula ku tauni. Tonse tinaona, ndipo tonse tinamva tanthauzo lake. Kuyambira pamenepo mawu akuti "sindingathe" ndinawachotsa m'kamwa mwanga.

Patapita chaka bwana anafuna woyendetsa thirakitala, ine n'kuitana mlamu wanga Gerevazio, amene ankayendetsa thirakitala pa esiteti ya fodya cha kwa Zulu, ku Mchinji konko. Ndiye mlongo yekhayo wa mayi a Tereza, malume a ana anga. Ndinamuitana ndine, ndinakamulandira pa siteji ndine, bulangete lake loyamba ndinamugulira ndine.

Munthu wake woseleula ameneyo! Chilamu ankachidziwa. Ndikatuluka m'shedi nkhope ili bii ndi utsi, iye amvekere, "Alamu, nenani zoona, mlongo wanga anakuonani masana kapena munamufunsira mumdima?" Ine ndinkabweza kuti kwawoko amuna anasowa, n'chifukwa chake anandigwira ndi manja awiri. Tinkagona chipinda chimodzi, mbaula imodzi, poto mmodzi. Tsiku limene sinowo inagwa koyamba iye ali komweko, anatuluka panja wopanda nsapato, kuyang'ana mapiri onse ali mbee, n'kuti, "Abale inu, ufa wonsewu Mulungu akutayira nkhosa, ku Mchinji anthu akugona ndi njala!" Sipanathe mphindi zisanu anabwerera m'nyumba akudumphadumpha, akutukwana zala zake.

M'shedi yaikulu munali galimoto ina yakalekale imene antchito tinkaitchula kuti Bongololo. Inalibe matayala. Mbali iliyonse inali ndi lamba wamkulu wa mphira ndi zitsulo, ngati wa katapila, ndipo chitseko chinali chimodzi chokha, chakumbuyo. Ankati amene anaigula ndi bambo awo a bwana, kumayiko a sinowo kutsidya kwa nyanja, bwanawo ali mwana. Ntchito yake inali imodzi. Pamwamba pa phiri panali khola lina kumene abusa ankakhala ndi nkhosa, ndipo sinowo ikatseka njira, pikapu ndi thirakitala zinkalephera, ngakhale hatchi inkatitimira. Bongololo yekha ndiye ankafika. Njira yake inali ndi malo ena oopsa amene tinkawatchula kuti Pakhonde: kanjira kosemedwa m'mbali mwa thanthwe, kutalika ngati mabwalo awiri a mpira, kopingasa mongokwana galimoto imodzi. Mbali ina khoma la mwala, mbali inayo phompho loti ukaponya mwala sumva kugwa kwake.

Nyengo yozizira yotsatira ikuyandikira, bwana anandiitanira m'shedimo n'kundilozera ndi ndodo. Lamba aliyense amakokedwa ndi gudumu la mano, ndipo gudumulo limatuluka m'bokosi la magiya. Mabokosiwo anali a aluminiyamu woumba, ngati wa mapoto olemera aja amagulitsa pamsika. Bokosi lililonse linali ndi khutu, pamene pamalowa mabawuti olimangirira ku thupi la galimoto. Makutu onse awiri, lakumanja ndi lakumanzere, anali atang'aluka. Bwana anati zipangizo zimenezo anasiya kupanga kalekale, wafunsa paliponse.

"Ungathe kuwotcherera?" anandifunsa.

"Ndimatha, bwana. Izi n'zazing'ono."

Gerevazio anali kumbuyo kwawo, akundiyerekeza ndi milomo: izi n'zazing'ono.

Sizinali zazing'ono. Aluminiyamu woumba wakale ndi chinthu chachinyengo. Zaka zonsezo amakhala akumwa oilo, ndipo ukangomugunditsa moto oiloyo amatuluka, chowotchereracho n'kuchita thovu lakuda, m'kati muli timabowo tokhatokha ngati chisa cha chiswe. Komanso safiira ngati chitsulo kuti akuchenjeze. Amangokhala ndi nkhope imodzimodzi mpaka udzadzidzimuke wagwa n'kusiya dzenje. Njira yake ndinkaidziwa. Umaboola kabowo kumapeto konse kwa mng'alu kuti usapitirire. Umakumba mng'aluwo mpaka pansi. Kenako umaliwotcha bokosilo pang'onopang'ono pa makala kuti lituluke thukuta la oilo, kupukuta, kukwecha ndi bulashi yatsopano, kuwotchanso, kupukutanso, mpaka nsanza ituluke yoyera. Ukawotcherera umachita lili lotentha, ndipo ukamaliza umalikwirira mu mchenga wouma kuti lizizire lokha mpaka mawa.

Lakumanja ndinalichita choncho. Linandidyera masiku anayi, ndipo mpaka lero ndimati ndi ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo.

Tsiku lachisanu bwana analowa m'shedi nkhope itasintha. Wailesi inali italengeza kuti kukubwera sinowo yambiri. "Masiku anayi khutu limodzi?" anatero. "Ndikufuna galimotoyi iyende mawa." Anagogoda pansi ndi ndodo, n'kutuluka.

Apa ndi pamene ndikanati, bwana, sizingatheke, ndipatseni masiku ena atatu. Mawu ochepa chabe. Koma ndinaona pikapu ija m'maso mwanga, ndinaona apolisi a m'tauni, ndinaona ndikutsika pa Ludzi chimanjamanja. Dzanja langa linabwerera pa boda lokha. Ndinangokwecha pamwamba, kuwotcha kamodzi, n'kuyamba kuwotcherera. Thovu lakuda linatuluka, ine n'kuphimba ndi mzere wina. Linatulukanso, n'kuphimbanso. Mchenga sindinaugwire n'komwe, ndinalisiya pa benchi, mphepo yozizira ikulowa pakhomo.

Ndikusonkhanitsa zipangizo ndinamva kaphokoso. Thi! Kakang'ono zedi, koti wina sakanakamva. Ndinaima osapuma. Nditayandikira ndinaona kamzere konga tsitsi m'mbali mwa chowotchereracho. Ndinayendetsa chikhadabo, chikhadabo n'kukodwa. Ndinayang'ana kukhomo, kunalibe munthu. Ndinatenga gulayinda n'kusalaza, kenako penti ya siliva.

M'mawa mwake tinamanga mabokosi onse awiri. Lakumanzere ndilo linkawala kuposa linzake. Bwana analigogoda ndi ndodo, anamwetulira, madzulo n'kutitumizira mwendo wa nkhosa. Gerevazio anauphika ndi anyezi, fungo lake mpaka kwa aneba. Ine ndinangolawa nthuli imodzi n'kukankhira mbale pambali.

"Alamu, mwayamba kusala?" anandifunsa. "Kapena mwakumbuka tchimo? Bweretsani kuno, ine ndinalapa kale." Anadya yake ndi yanga yomwe.

Ndinadziuza kuti Lamulungu, bwana akapita ku tchalitchi, ndidzalimasula mwakachetechete n'kulikonza bwinobwino. Sinowo sinadikire Lamulungu. Inayamba Lachisanu, inagwa masiku atatu osapuma, mpaka mipanda ya waya inabisika. Masiku atatu onsewo ndinkapemphera pemphero limodzi lopusa, loti kumtunda kuja kusachitike kanthu.

M'mawa wa tsiku lachinayi foni inalira. Kukhola la pamwamba kunali abusa awiri a ku Lesotho, wina wachikulire, wina wamsinkhu wathu. Woimbayo anati wachikulireyo chifuwa chamugwira, akulephera kuimirira, nkhuni zatha, chakudya chatha. Bwana ndi chiuno chawo sakanatha kukwera m'galimoto. Woyendetsa amene anamuphunzitsa anali mmodzi yekha, Gerevazio.

Tinali atatu m'shedimo, injini ikutenthetsedwa. Mlamu wanga ankalongedza mabulangete akuimba mluzu. Bwana anali pafupi nane moti ndikanawakhudza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, Mulungu ndi mboni ndinatsegula, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Bwana, ndipite nawo, mwina pakafunika wokumba."

Musandiyese wolimba mtima. Ndinangoona kuti kukhala pabwalo n'kumayang'ana phirilo ndikanapenga.

Tinanyamuka. Bongololo ankayenda pang'onopang'ono, akulira kuti gwedegwede, sinowo ikugawanika kutsogolo. Gerevazio ankawongolera ndi ndodo ziwiri, imodzi ya lamba aliyense, akundiuza nkhani za ku esiteti zimene sindinamve n'imodzi yomwe. Makutu anga onse anali pansi, kumanzere. Mwala uliwonse umene tinkaponda ndinkaumva m'mano. Ndiye ndili chikhalire ndinapeza poti ndidzitonthoze. Galimoto ya malamba, lamba mmodzi akafa, imapotokera mbali ya wakufayo. Pokwera Pakhonde, khoma la mwala limakhala kumanzere. Ndinati, ngakhale lithyoke, tingogunda khoma, sitigwa. Ndinagwiritsitsa maganizo amenewo mpaka tinawoloka, ndipo titawoloka ndinaseka ndekha ngati chitsiru.

"Mwaseka chiyani?"

"Palibe, alamu. Mumayendetsa bwino."

"Lero mwandiyamikira? Mukudwala inu."

Abusa aja tinawapeza m'kanyumba kamiyala, moto utazima. Wachikulireyo ankapuma mochita kukoka, milomo itada. Tinamukulunga m'mabulangete n'kumugoneka m'galimoto. Ine ndinatsalira panja kuti ndimuonere Gerevazio potembenuza. Anakoka ndodo imodzi, Bongololo anazungulira pamalo amodzi, mphuno n'kuyang'ana kumunsi. Dzuwa linawala pa penti ya siliva ija. Pamenepo ndi pamene ndinaona chimene mwana wamng'ono akanachiona kalekale. Potsika, kumanzere ndiye kuphompho.

Ndinangopezeka ndakhala pansi mu sinowo. Gerevazio anatsika n'kubwera.

"Alamu, kwagwanji? Dzukani, munthu akufa m'galimotomu."

"Musatsike nayo."

"Mukuti chiyani?"

"Khutu lakumanzere lija ndi lowola. Linang'aluka tsiku lomwe ndinawotcherera. Ndinangopenta."

Anandiyang'ana akudikira kuti ndiseke. Sindinaseke. Anapita kukagwada pa lambayo, anavula gulovu, n'kupala pentiyo ndi mpeni wake. Mng'alu sunalinso ngati tsitsi. Unali woti nsonga ya mpeni inalowa.

Anadzuka pang'onopang'ono. "Munadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo."

"Tsiku la nyama lija munali mukudziwa?"

"Inde."

"M'mawa muja ndikulongedza, munali mukudziwa?"

Sanadikire yankho langa.

"Ndiye munakwera nawo kuti chiyani? Kuti mlongo wanga alire maliro awiri tsiku limodzi?"

Ndikanakonda akanandimenya. Sanandimenye, sanakweze n'komwe mawu. Anangoima akuyang'ana kumunsi, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Kusiya galimoto sikukanatheka. Kuchokera Pakhonde kukafika kufamu unali mtunda wautali, sinowo yolekeza m'ntchafu, ndipo wodwalayo nthawi inali kumuthera. Kudikira sikukanathekanso, kumadzulo mitambo inali itayambanso kuda.

"Mverani," anatero. "Tikafika Pakhonde nonse mutsike. Mumunyamule mdalayu muwoloke naye wapansi. Ine ndidutsa chafutambuyo, kuti mbali yanu yowolayo ikhale kukhoma. Ku esiteti ndinkalowetsa ngolo ya fodya m'chigafa chafutambuyo tsiku ndi tsiku."

"Alamu, ndiyendetse ndine. Cholakwa n'changa."

"Inu mumatha kuyendetsa? Kapena izinso n'zazing'ono?"

Anatenga ndodo ya abusa aja n'kundipatsira.

"Mukamutula mdalayo mubwerere. Muzitsogola ndi ndodo, muzifufuza m'mphepete. Muime poti ndizikuonani pawindo lakumbuyo. Dzanja lanu likapita uku, ine ndipita uku. Mukakweza, ndiima. Ndipo lero lokha musandinamize."

Tinachita momwemo. Ine ndi mbusa mnzakeyo tinamunyamula wodwalayo m'bulangete, tikukhulana ndi khoma, n'kukamukhazika pansi pa thanthwe kutsidya. Ndinabwerera ndekha. Gerevazio anali atatembenuza kale, msana wa Bongololo ukundiyang'ana. Pa kawindo kakumbuyo ndinkangoona theka la nkhope yake, khosi litapotoka.

Abale, ndayendapo maulendo m'moyo mwanga, koma wautali kuposa kanjira kameneko sindinauone. Ndinkayenda chafutambuyo nanenso, ndodo ili kudzanja limodzi ndikubaya sinowo kuti ndimve pamene mwala wathera, dzanja linalo lili m'mwamba. Sinowo imanama, imatambalala kupitirira m'mphepete ngati pali nthaka pamene palibe. Malo ena ndodo inangolowa yonse osagunda kanthu, ine n'kutsala pang'ono kuitsatira. Ndinkafuna kupemphera koma mawu onse a pemphero anandithawa, ndinkangoti chonde, chonde, chonde. Lamba wakumanja ankadutsa chikhatho chimodzi kuchokera kuphompho. Wakumanzere ankalira mwachilendo, ndipo ndinkadziwa kuti kulira kumeneko ndikumva ndine ndekha.

Tinadutsa theka. Tinadutsa pokhota. Ndinayamba kuwaona abusa aja ndikacheuka. Patangotsala pang'ono panali mwala wobisika mu sinowo, umene ndodo yanga inauphonya. Lamba wakumanzere anaukwera, galimoto inanyamuka mbali imodzi, n'kutera mwamphamvu.

Khotcho!

Lamba wakumanzere anaima. Wakumanja anapitiriza. Msana wa galimoto unapotokera kukhoma n'kumenya mwala patsogolo panga penipeni, mphuno yake n'kutulukira kuphompho. Ndinakuwa dzina lake. Injini inazima. Kenako zii.

Chigumukire cha sinowo chinagwa pansi pa mphunoyo, ndipo sindinamve pamene chinafikira. Kutsogolo kwa lamba wakumanja kunali lende m'malere. Galimoto yonse inkalira pang'onopang'ono kuti kwii, kwii, ngati ikuganiza.

"Alamu!" ndinaitana. "Alamu!"

"Musakuwe," anayankha m'katimo, mawu ali pansipansi. "Tsegulani chitseko. Pang'onopang'ono."

Chitseko chija chinali chitapanikizika ndi khoma. Ndinakoka, chinatseguka pang'ono, mongokwana mutu ndi phewa limodzi. Ndinapinga ndodo yanga pampatapo n'kukanikiza ndi thupi lonse mpaka ndodo inathyoka. Iye anayamba kukwawa kuchokera kumpando, ndipo akasuntha kamodzi galimoto inkayankha. Anavula jekete. Anatulutsa dzanja, ine n'kuligwira pamkono ndi manja onse awiri, phazi langa litaponda khoma. Mutu unatuluka, mapewa, chiuno. Phazi lakumanja linakodwa. Ndinamva galimoto ikusuntha, ndinakoka ngati wamisala, phazi n'kutuluka, jombo n'kutsalira m'katimo. Tinagwera limodzi mu sinowo.

Bongololo sanagwe. Anangokhala pomwepo, mphuno ili m'malere. Ine ndinazindikira kuti buluku langa lanyowa, ndipo linayamba kuuma ndi kuzizira ndisanadzuke n'komwe. Ndinkalira mokweza ngati mwana. Gerevazio anadzuka, anakang'amba nsonga ya bulangete limene tinafunditsa mdala uja n'kukulunga phazi lake. Ndinavula jombo yanga kuti ndimupatse. Sanaiyang'ane.

Wodwalayo tinamunyamula atatu, mosinthana, mpaka pamene antchito anzathu anatichingamira ndi mahatchi dzuwa litapendeka. Mdalayo anachira. Gerevazio ku chipatala anamudula zala ziwiri za kuphazi.

Bwana atamufunsa chimene chinachitika anangoti, "Chathyoka, bwana." Sanawonjezere. Koma sinowo itasungunuka anakaikoka galimotoyo ndi mathirakitala awiri, ndipo bwana anatola chidutswa cha khutu lija n'kundiitana. M'kati mwake munali bii, timabowo tokhatokha, kunja kuli siliva. Anandionetsa, anaonetsanso lakumanja limene silinasunthe n'komwe, n'kundifunsa kuti, "Onsewa anawotcherera munthu mmodzi?" M'mawa mwake ndinali kumbuyo kwa pikapu.

Kumudzi ndinapeza zinthu zitasintha. Tereza anali atatalika, ankandipatsa moni wogwada ngati mlendo. Wamng'ono uja ankathawa ndikamuitana. Mayi a Tereza anali atazolowera kulamula okha za kumunda, za mbewu, za sukulu, ndipo ndalama zimene ndinkatumiza anakhomera nazo malata osandifunsa. Ndinawauza kuti ntchito inangotha. Ndinatsegula kashedi kanga pamsewu, ndipo anthu amadandaula kuti ndimachedwetsa ntchito. Adandaule.

Gerevazio anabwera patatha chaka, akutsimphina. Kwa anthu onse ankati zala zinadyedwa ndi kuzizira, ndipo ankawaseketsa nayo nkhaniyo, akuti anasiya chakhumi ku Joni. Koma akafika pa ine nthabwala zinkatha. Ankandipatsa moni ndi manja awiri, "Mwaswera bwanji, bambo a Tereza," ngati akulonjera mkulu wa mpingo. Ana anga ankawakonda monga kale. Pamaliro tinkakumba manda limodzi. Sanauze munthu aliyense, ndipo ine tsiku lililonse ndinkadzuka ndikuganiza kuti mwina ndi lero.

Tsiku lina ekiselo ya ngolo yake inathyoka. Anaimangirira panjinga, anadutsa nayo pakhomo pa shedi yanga, anandipatsa moni, n'kupitirira nayo mpaka kumsika wa kwa Kamwendo kukawotcheretsa kwa munthu wina. Mayi a Tereza anali pomwepo, atandibweretsera chakudya. Anaona zonse, ndipo amayi ogulitsa tomato patsidya pa msewu anaonanso.

"Zimenezi ndiye ziti?" anatero. "Mlamu wake ali pano ndi makina, iye n'kumakatuluka thukuta mpaka kwa Kamwendo? Akufuna anthu azinena chiyani? Ndikamufunsa ndekha."

"Asiyeni," ndinatero.

"Sindimusiya."

Anapita madzulo omwewo. Anabwerera dzuwa lisanalowe, anandipeza ndikutseka shedi. Mkwiyo uja unali utachoka pankhope pawo. Anakhala pa benchi, anakonza chitenje, n'kundiyang'ana.

"Akuti ndikufunseni inuyo."

Ndinawauza. Zonse, kuyambira pa kaphokoso kaja mpaka pa jombo. Sanandidule mawu, sanalire. Nditamaliza anayang'ana manja anga.

"Bambo a Tereza, ndili ndi funso limodzi. Mundiyankhe zoona."

"Funsani."

"Akanagwera kuphomphoko, inu n'kutsala, mukanadzandiuza kuti chiyani?"

Ndinafunafuna yankho lina, ndinalifuna ndithu. Koma ndinali nditatopa nako kuphimba.

"Ndikanati inali ngozi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndipo ine ndikanakukhulupirirani," anatero. "Ndikanakupukutani misozi."

Anadzuka, anatenga mbale zawo, n'kuyamba kuyenda. Pamphambano sanakhotere kunyumba. Analowera njira ya kwa mlongo wawo.